Madzi amazizira msanga, nanga amachedweranji kuuma mufiriza?

Funso: Ndimagulitsa ayezi ndi ma freezes pakhomo panga kuno ku Liwonde, koma pali zinthu zimene zimandizunguza mutu. Ndikaika madzi mufiriza amazizira msanga, koma kuti aume ndiye mpaka kucha, mwinanso kumacha ali osalimba pakati. Mabotolo odzaza amang'ambika. Ma freezes amachedwa kuuma kuposa madzi wamba, komanso ndi amene amayamba kusungunuka magetsi akathima. Mnzanga wina akuti ndizithira mchere pa ayezi kuti azikhalitsa, wina akuti madzi otentha amauma msanga kuposa ozizira. Zoona ndi ziti?

Yankho: Mayi, mwafunsa zingapo, koma zonse zagona pa nkhani imodzi, ndipo mukaimvetsa imeneyo zambiri muziyankha nokha. Firiza siithira kuzizira m'madzi ayi. Ntchito yake ndi kukoka kutentha komwe kuli m'madzimo n'kukakutaya kunja. Tagwirani m'mbali kapena kumbuyo kwake ikamalira, mumva kufunda. Kufundako ndi kutentha komwe kunali m'madzi anu aja, kuphatikizapo kwa injini yake. Choncho mukamadikira kuti madzi aume, mukudikira kuti kutentha kutuluke, ndipo chofunika kudziwa n'chakuti kwatsala kochuluka bwanji.

Madzi ndi tinthu ting'onoting'ono kwambiri totchedwa mamolekyu. Molekyu iliyonse ili ndi tizigawo tating'ono koposa totchedwa maatomu: atomu imodzi ya okosijeni ndi maatomu awiri a haidrojeni, n'chifukwa chake m'mabuku amalemba H2O. Mamolekyuwa amakokana: haidrojeni wa molekyu imodzi amakokedwa ndi okosijeni wa inzake. M'madzi akumwa mamolekyu amakhala ndi liwiro lokwanira kugwirana, kutayana, n'kugwirananso ndi ena osapumira, ndipo ndicho chifukwa madzi amayenderera n'kulowa paliponse. Kuyendayenda kumeneku ndiko timati kutentha. Mukakuchotsa, liwiro limachepa. Pa 0 °C limakhala litachepa kufika poti molekyu ikagwirana ndi zinzake zinayi imatha kukhala pomwepo osatayananso, ndipo zonse pamodzi zimapanga timabwalo ta ngodya 6 tolumikizana mwadongosolo. Amenewo ndiye ayezi. Palibe chimene chawonjezeka kapena kuchoka, angosintha ndi kakhalidwe ka mamolekyu omwe aja. Ziro ameneyu sasankha malo: ku Nsanje ndi yemweyo, pa Nyika ndi paphiri la Mulanje pomwe udzu umadzuka woyera ndi chisanu mu Juni ndi Julayi ndi yemweyonso. Kukwera phiri kumasintha kwambiri powirira madzi, moti pa Sapitwa, mamita 3,002, amawira cha pa 90 °C, koma poundanira sipasuntha moti n'kuzindikira.

Tsopano tiwerengere limodzi, chifukwa yankho la funso lanu loyamba lili m'manambala. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Kuti itsike ndi digiri imodzi pamafunika kuchotsa kutentha kokwana makilojulu pafupifupi 4.2, kilojulu kukhala muyeso wa mphamvu. Tinene kuti madzi anu achoka pampopi ali pa 25 °C. Kuwafikitsa pa ziro ndi 25 kuchulukitsa ndi 4.2, omwe ndi makilojulu 105. Pamenepo azizira moti mano kuwawa, koma akadali madzi. Kuti asanduke ayezi pakufunika kuchotsanso makilojulu 334, ndipo nthawi yonse imene 334 ameneyu akuchotsedwa, choyezera kutentha sichisuntha, chimangoti nji pa ziro. Akauma onse m'pamene amayambiranso kutsika, ndipo kuchoka pa ziro kufika pa -18 °C, pomwe mafiriza ambiri amafika, ndi ntchito yochepa, makilojulu 38 okha, chifukwa ayezi amafuna theka la zimene madzi amafuna pa digiri iliyonse.

Mukaphatikiza zonse mupeza 477. Mwa amenewa, 334 ndi a pa ziro pokha. Kunena kwina, pa magawo 10 a ntchito imene firiza imagwira, magawo 7 imawagwira pa nthawi imene inu mukatsegula n'kugwira botolo mumaona ngati palibe chikuchitika. Ngati madzi atenga maola awiri kuti azizire, yembekezerani maola ena 6 kapena kuposerapo kuti aume. Ndikuti kuposerapo chifukwa madzi akamazizira, kusiyana kwawo ndi mpweya wa mufiriza kumachepa, ndipo kutentha kumatuluka mwaulesi. Komanso kwa pakati kumayenera kudutsa chikhungwa cha ayezi chomwe chikunka chikandapala. Apa ndi pamene pamachokera botolo lolimba kunja koma lamadzi mkati.

Nanga 334 ameneyu amachokera kuti, poti madzi azizira kale? Molekyu iliyonse ikamakhazikika pamalo ake mu ayezi imataya mphamvu yomwe inkaipangitsa kutayana ndi zinzake, ndipo mphamvuyo imatuluka ngati kutentha. Kutenthako kukapanda kuchotsedwa, kuundana kumaima. Amene anayamba kufotokoza bwino zimenezi ndi Joseph Black wa ku yunivesite ya Glasgow ku Scotland, cha m'ma 1761. Iye ankadabwa kuti kwawoko kunja kukayamba kufunda, chipale chofewa sichisungunuka chonse tsiku limodzi. Chikanatero bwenzi kukusefukira madzi oopsa chaka chilichonse. Anaika madzi ozizira kwambiri ndi ayezi olemera chimodzimodzi m'chipinda chimodzi. Madzi aja anafundako pang'ono patangotha theka la ola, pomwe ayezi anatenga maola oposa 10 kuti asungunuke n'kufika pomwepo. Kutentha konse kumene kunkalowa mu ayezi m'maola amenewo sikunkaoneka pa choyezera, ndiye Black anakutcha kutentha kobisika.

Pa malonda anu zimenezi zikutanthauza kuti firiza ili ndi mlingo wa madzi amene ingaumitse pa tsiku, ndipo mlingowo sugwirizana ndi kukula kwa mimba yake. Mafiriza ambiri ali ndi kapepala kumbuyo kapena m'kabuku kake kosonyeza makilogalamu amene ingaumitse pa maola 24. Kayang'aneni. Mukadzaza kuposa pamenepo, zonse zidzazizira koma palibe chidzalimbe, ndipo izi ndi zimene ndikuganiza kuti zikukuchitikirani. Ndi bwino kuika pang'onopang'ono, zatsopanozo zigunde makoma pomwe pamadutsa timapaipi tozizira, zouma kale muzisunthire pakati, osazigundanitsa ndi zofunda. Siyani mipata kuti mpweya uzidutsa. Timatumba topyapyala timauma msanga kwambiri kuposa chigubu. Kukandapala kukawirikiza kawiri, nthawi imawirikiza koposa kawiri. Chipale chimene chimamera m'makoma chimachokera ku chinyezi cha mpweya umene umalowa mukatsegula, ndipo chikakandapala chimatchinga kutentha kuti kusafike ku timapaipi tija. Muzichichotsa pozimitsa firiza n'kuchisiya chisungunuke. Mpeni ayi, mudzaboola paipi ya gasi. Ena amayamba aziziritsa madzi mumtsuko asanawaike. Zimathandiza, koma musayembekezere zodabwitsa: kutsitsa madzi kuchoka pa 30 kufika pa 22 °C kumangochotsapo makilojulu 34 pa pafupifupi 500.

Musadandaule naye kwambiri 334 ameneyu, chifukwa ndi iyeyo amene mumagulitsa. Posungunuka, kilogalamu ya ayezi imameza makilojulu 334 omwe aja kuchokera ku zinthu zoyandikana nayo. Kutentha kumeneku n'kokwanira kutenthetsa lita ya madzi kuchoka pa ziro kufika pa 80 °C. N'chifukwa chake wogulitsa chambo kapena zakumwa amabwera kudzagula ayezi osati madzi ozizira. Lita ya madzi a pa ziro ikameza makilojulu 42 yafika kale pa 10 °C, pomwe ayezi amameza kuwirikiza pafupifupi ka 8 ali pa ziro pomwepo, mpaka kachidutswa komaliza katha. Nsomba zolemera makilogalamu 10 zotuluka m'madzi ofunda zimafuna ayezi pafupifupi makilogalamu atatu kuti zingofika pa ziro. Ena onse ndi olimbana ndi kutentha kwa panjira, ndipo ndicho chifukwa m'mayiko otentha amalangiza kuti ayezi azilemera mofanana ndi nsombazo.

Za mabotolo ong'ambika. Zinthu zambiri zikamalimba zimafota. Sungunulani kandulo m'chitini, ikauma mupeza pakati palowa. Madzi amachita zosiyana, ndipo chifukwa chake ndi timabwalo ta ngodya 6 tija, tomwe tili ndi mpata pakati. Taganizirani ana asukulu pa nthawi yopuma, ali piringupiringu kuthithikana pakhonde. Aphunzitsi akawauza kuti afole aliyense atatambasula manja, ana omwe aja amadzaza bwalo lonse. Mamolekyu a madzi akafola mu ayezi amatenga malo ochuluka ndi magawo 9 pa 100. Lita imodzi imasanduka malita 1.09. Botolo la mamililita 500 limafuna malo ena okwana mamililita 45, omwe ndi masupuni aakulu atatu. Zikuoneka zochepa, koma mphamvu yake si yamasewera. Ndi yomweyi imene imaphulitsa mapaipi a m'nyumba ku Britain m'nyengo yozizira, imene imaswa matanthwe madzi akaundana m'ming'alu, komanso imene ingaswe injini ya galimoto m'mayiko ozizira ngati sanathiremo mankhwala oletsa kuundana.

Ndiye siyani mpata wa gawo limodzi mwa magawo 10. Koma pali kamsampha. Madzi amayamba kuuma kunja ndi pamwamba, ndiye botolo likaima chilili, pakhosi pake pamatsekeka ndi ayezi madzi a pakati asanaume. Mpata mwasiya uja umatsalira pamwamba pa chotsekacho wopanda ntchito, ndipo madzi a mkati akamauma amakankha m'mbali ndi pansi. Ndi amenewo mabotolo otupa matako aja. Ligonekeni chopendekera kuti mpata ukhale m'litali mwake, ndipo ngati ndi la pulasitiki lifinyeni pang'ono musanatseke kuti likhale ndi potambasukira. Botolo lagalasi musaliumitse n'komwe. Zakumwa za gasi ndiye zoopsa kuposa, chifukwa ayezi akamapangika amakankhira gasi kunja, ndipo gasiyo amawonjezera kukankha.

Kufufuma komweku ndiko kumapangitsa ayezi kuyandama. Malo amene angalowe makilogalamu 1,000 a madzi amalowa makilogalamu 917 okha a ayezi, choncho chidutswa chimayandama, magawo 9 mwa 10 ali m'kati mwa madzi. Chodabwitsa china n'chakuti madzi amalemera kwambiri pa 4 °C osati pa ziro. Akazizira kupitirira pamenepo amayamba kupepuka n'kukwera pamwamba. Kwa ife izi n'zongomva, poti nyanja ya Malawi ngakhale pansi penipeni, pakuya pafupifupi mamita 700, madzi ake amakhala opitirira 20 °C. Koma kwa nsomba za m'nyanja ya Baikal ku Russia ndi nkhani ya moyo: nyanjayo imauma pamwamba mpaka magalimoto kuyendapo, pomwe pansi pali madzi, nsomba zikusambira.

Ma freezes nawo nkhani yake ndi yokoma kuifotokoza. Dongosolo la ayezi lija limalandira mamolekyu a madzi okhaokha. Shuga, utoto ndi zokometsera zimakankhidwira kunja, ndipo kupezeka kwake m'madzimo kumasokoneza mamolekyu ofuna kufola, moti pamafunika kuzizira kopitirira ziro kuti kuundana kuyambe. Poyamba kusiyanako n'kochepa: magalamu 100 a shuga mu lita imodzi amatsitsa poundanira ndi theka la digiri basi. Vuto limabwera pambuyo. Madzi akamauma, shuga yense amatsalira m'madzi amene sanaume, ndiye otsalawo amanka natsekemera ndipo poundanira pawo pamanka patsika. Theka likauma, otsalawo ali ndi shuga wowirikiza kawiri ndipo akufuna -1 °C. Pamene patsala gawo limodzi mwa 10, asanduka manyuchi ofuna madigiri oposa 5 kunsi kwa ziro. Choncho freeze siuma pa digiri imodzi ngati madzi wamba, imauma pang'onopang'ono firiza ikamatsika, ndipo ngakhale ikuoneka yolimba, m'kati mwake muli timanyuchi tosauma pakati pa timiyala ta ayezi. N'chifukwa chake imalumika pomwe ayezi wamba angakuthyoleni dzino. N'chifukwa chakenso mwana akaiyamwa, kukoma ndi utoto ndi zimene zimayamba kutha, n'kutsala ndi kachiyezi koyera kosakoma.

Magetsi akathima, ulendo womwewu umayenda chobwerera. Firiza ikakwera kufika pa -5 °C, ma freezes ayamba kale kufewa. Pa -1 °C theka lake ndi madzi, pomwe ayezi wamba amene ali pambali pake akadali gwa, kudikira ziro. Mukachulutsa shuga, zimafulumira kwambiri. Sindikukuuzani kuti muchepetse shuga mpaka ana akuthaweni, koma dziwani kuti supuni iliyonse yowonjezera mumailipira kawiri, kugolosale ndi mufiriza.

Pali chinthu china apa chimene ogulitsa ambiri sachidziwa. Ayezi wamba akamasungunuka amasunga bokosi pa ziro, osatsika kuposa apo. Kwa zakumwa ndi nsomba zaziwisi ziro ndi wabwino. Kwa ma freezes ziro ndi wofunda. Mungadzaze cooler box ndi ayezi ochuluka bwanji, ma freezes adzafewabe.

Pamenepa ndi pamene mchere ukulowera, ndipo mnzanu uja wanena zoona mbali imodzi yokha. Mchere umatsitsa poundanira monga shuga, koma mwamphamvu kuposa, chifukwa tizigawo take ndi tating'ono, tochuluka pa galamu iliyonse, ndipo ukasungunuka kalikonse kamagawika pawiri. Magalamu 100 mu lita amatsitsa ndi madigiri pafupifupi 6, kuwirikiza koposa ka 10 poyerekeza ndi shuga. Madzi a m'nyanja zamchere, omwe ali ndi magalamu 35 pa lita, amauma cha pa -2 °C. Tsono mukawaza mchere pa ayezi, mukuwakakamiza kusungunuka. Kuti asungunuke akufuna makilojulu 334 aja, ndipo amawalanda kwa iwo eni ndi kwa zinthu zoyandikana nawo, moti chisakanizocho chimazizira kwambiri, mpaka chingafike pa -21 °C mchere ukachuluka. Kuzizira kwakula, inde, koma ayezi akutha msanga. Ku Britain amawaza mchere m'misewu n'cholinga chomwechi, choti ayezi asungunuke. Choncho ngati mukufuna kuti chibuluma chanu chifike madzulo, mchere usayandikire.

Koma ngati mukufuna kuti ma freezes akhalebe olimba m'bokosi popita kumsika kapena kusukulu, mchere ndi wothandiza, mukaugwiritsa ntchito mwa njira ina. Sungunulani masupuni aakulu 5 kapena 6 mu lita ya madzi, thirani m'mabotolo apulasitiki kusiya mpata uja, tsekani bwino, muwaumitse. Adzatenga nthawi yaitali kuposa madzi wamba ndipo amafuna firiza yomwe imatsikadi. Akauma, amasungunukira kunsi kwa ziro, ndipo amasunga bokosi pamalo pomwe ma freezes sasungunuka msanga. Ena muziwasiya mufiriza momwemo, pamwamba pa katundu, kuti magetsi akathima akhale oyamba kumeza kutentha. Alembeni chizindikiro kuti mwana asamwe kapena kugulitsa. Ndipo magetsi akathima, chivundikiro chisatsegulidwe chisawawa. Malangizo a boma la America pa zakudya amati firiza yodzaza yosatsegulidwa imasunga zinthu pafupifupi maola 48, yodzaza theka maola 24. Ndi dzuwa la ku Liwonde mu Okutobala musadalire kuti ifika pamenepo, koma mfundo yake ndi yoona: katundu wouma akachuluka, ndiye kuti kutentha kolowa kuli ndi zambiri zoti kusungunule, ndipo kumachedwa.

Choti ayezi akhalitse ndi chimodzi chokha, kutchinga kutentha kuti kusawafike. Chibuluma chachikulu chimakhalitsa kuposa tizidutswa tolemera chimodzimodzi, chifukwa khungu lake logundana ndi mpweya ndi lochepa. Chikutireni ndi saka, utuchi kapena mankhusu a mpunga, pamthunzi, osati pasimenti yotentha. Ena amaopa kufunditsa ayezi bulangete poganiza kuti liwatenthetsa. Bulangete lilibe kutentha kwakekwake, limangotchinga. Kwa munthu limaletsa kutentha kutuluka, kwa ayezi limaletsa kulowa. Chachikulu n'chakuti chofundacho chikhale chouma, chifukwa chimene chimatchinga ndi mpweya wokodwa m'timipata take, ndipo chikanyowa timipatato timadzaza madzi omwe amadutsitsa kutentha mosavuta. Utuchi musaupeputse. Mu 1833, kusanabwere mafiriji, wamalonda wina wa ku Boston ku America dzina lake Frederic Tudor anatumiza ayezi odulidwa m'mathamanda okwana matani 180 pa sitima yapamadzi kupita ku Calcutta ku India. Ulendowo unatenga miyezi inayi, kudutsa m'madera otentha kwambiri, koma pafupifupi matani 100 anafika, atakutidwa ndi utuchi ndi zinthu zina zotchinga kutentha.

Pali china chimene simunafunse koma ndikukhulupirira munachionapo. Mumatulutsa botolo lili lamadzi ndithu, mukangolitsegula kapena kuligunditsa patebulo, limayera kuchokera pamwamba mpaka pansi inu mukuona. Si zamatsenga. Ziro ndi pamene madzi angathe kuuma, koma kuti ayambe amafuna poyambira: kafumbi, kathovu, pokanda pa botolo, kapena kachidutswa ka ayezi. Madzi oyera m'botolo losalala, osagwedezeka, amatha kutsika madigiri angapo kunsi kwa ziro ali madzibe, ndipo kugwedeza kapena thovu la potsegula ndi limene limapereka poyambirapo. Koma onani kuti sililimba, limangokhala phalaphala. Chifukwa chake ndi 334 yemwe uja. Madzi a pa -5 °C akangoyamba kuuma amatulutsa kutentha kobisika, ndipo makilojulu 21 okha ndi okwanira kuwabwezera pa ziro, pomwe kuundana kumaima. Zikatero auma ndi magawo 6 okha pa 100. Kumwamba m'mitambo timadontho timatha kukhala tamadzi mpaka pafupifupi -40 °C, ndipo tikagunda kachiyezi kamene kakuuluzidwa ndi mphepo yokwera timaumira pomwepo. Kachiyeziko kamanka kakula mpaka mphepo kulephera kukanyamula. Ndiwo matalala amene amaboola fodya ndi chimanga aja, kugwa tsiku lotentha.

Latsala la madzi otentha, ndipo nkhani imeneyi inatchukira kwa anansi athu ku Tanzania. Mu 1963 mnyamata wina dzina lake Erasto Mpemba, ali Fomu 3 pa sekondale ya Magamba, ankapanga ayisikilimu ndi anzake. Poona kuti malo mufiriji akutha, anaika mkaka wake wa shuga ukadali wotentha, ndipo wake ndi umene unayamba kuuma. Atafunsa aphunzitsi anamuuza kuti wasokoneza, ndipo anzake ankamuseka. Patapita zaka, ali pa sukulu ya Mkwawa ku Iringa, anafunsa funso lomwelo kwa Dr Denis Osborne wa ku koleji ya Dar es Salaam amene anabwera kudzalankhula. Osborne anakayesa, anaona zofanana, ndipo mu 1969 awiriwa analemba limodzi m'magazini ya Physics Education. Mpaka lero nkhaniyi imadziwika ndi dzina la Mpemba. Mu 2012 bungwe la Royal Society of Chemistry ku Britain linachititsa mpikisano wofuna wofotokoza bwino, ndipo mayankho anabwera oposa 22,000.

Zifukwa zimene anthu amapereka ndi zomveka ndithu. Madzi otentha amataya ena ngati nthunzi, ndiye otsala oti aume amachepa. Chiwiya chotentha chimasungunula chipale chomwe chakhalapo n'kugundana bwino ndi chitsulo chozizira, pomwe chozizira chimangokhala pamwamba pa chipalecho. Komanso kuchedwa kupeza poyambira kuja kumasiyana botolo ndi botolo, moti lina lingapitirire linzake mwamwayi. Koma mu 2016 ofufuza awiri a ku Britain, Henry Burridge ndi Paul Linden, atayesa mosamala sanapeze umboni woti madzi otentha amafika pa ziro msanga kuposa ozizira, ndipo anasonyeza kuti kungosuntha pang'ono pamene mwaika choyezera kumasintha zotsatira. Maganizo anga ndi akuti Mpemba anaona zenizeni ndipo anachita bwino kukakamira funso lake, koma si lamulo loti munthu n'kumangirapo bizinesi. Tawerengani: lita ya madzi a pa 80 °C ikufuna makilojulu 336 kuti ifike pa ziro, osati 105. Ntchito yonse ikukwera kuchoka pa 477 kufika pa 708, pafupifupi theka kuwonjezera, ndipo ndi magetsi anu amenewo. Kuwonjezera apo madzi otenthawo afewetsa ma freezes oyandikana nawo, nthunzi yake n'kukakandapalitsa chipale m'makoma.

Kuwiritsa madzi kuli ndi phindu lake, koma ndi lina. Kuundana sikupha tizilombo tonse toyambitsa matenda; tambiri timangogona, ayezi akasungunuka n'kudzukanso, ndipo ta kolera ndi ta taifodi tingathe kufika kwa wogula kudzera mu ayezi kapena freeze ya madzi osatetezedwa. Kuwiritsa kumapha tizilomboti, monganso kuthira klorini pa muyeso wake. Kuwiritsa kumatulutsanso mpweya wosungunuka m'madzi, womwe ayezi amaukankhira pakati pamodzi ndi zina zonse n'kupanga chiyera cha pakati pa chibuluma chija, moti ayezi a madzi owiritsa amakhala owalako. Ndiye wiritsani madzulo, vundikirani, muwasiye azizire okha usiku wonse, m'mawa muthire m'timatumba ndi manja osamba ndi sopo, kenako muike mufiriza mlingo umene kapepala kaja kanena.